Mwana Akasankha Fizikisi: Gawo la Mpingo pa Ulendo Wake wa ku Yunivesite

Chaka chilichonse mvula ikayamba kugwa, m'mabanja ena a m'mphepete mwa nyanja muno, kuyambira ku Meluluca, kudzera ku Metangula ndi ku Messumba mpaka ku Cóbuè, mumakhala nkhani imene imakambidwa motsitsa mawu. Mwana wamaliza kalasi 12, aphunzitsi ake akuchitira umboni kuti masamu ndi fizikisi amazidziwa bwino, ndipo mwini wakeyo akufunitsitsa kukapitiriza maphunziro ku yunivesite. Koma iyi ndi nyengo imene chakudya chimachepa m'nyumba, ndalama zimene zinalipo zimakhala zitapita kumunda, ndipo ulendo wokwera mapiri kupita ku Lichinga umavuta. Makolo amafika ponena kuti, "Mwanawe, dikira chaka chamawa." Chaka chamawacho chikafika, mnyamata uja amakhala ali kale pa bwato la chilimira, ndipo mtsikana uja amakhala ali kale pabanja.

M'nkhani ino tikufuna kuonetsa kuti ana otere amagwa kawirikawiri asanafike n'komwe pamene thandizo la boma kapena la yunivesite limayambira. Amagwa chifukwa cha ndalama zochepa za ulendo, za zikalata ndi za mayeso, zimene banja limodzi silingakwanitse koma mpingo ungathe kuzipeza. Tasankha kukamba za fizikisi, imene m'Chipwitikizi amaitcha Física, chifukwa ndi phunziro limene makolo ambiri salimvetsa, motero mwana amene walisankha ndiye amakhumudwitsidwa msanga kuposa anzake.

Kodi fizikisi ndi chiyani kwa munthu wa kunyanja?

Mwana akati akufuna unamwino kapena upolisi, aliyense amadziwa ntchito imene adzagwire. Akati akufuna fizikisi, achibale amafunsa kuti, "Nanga udzadya chiyani?" Funsoli ndi loyenera, ndipo tiyenera kuliyankha ndi zinthu zimene timaziona tsiku ndi tsiku.

Fizikisi ndi phunziro la mmene zolengedwa zimayendera: kuwala, kutentha, mawu, mphepo, mafunde, magetsi ndi kulemera kwa zinthu. Msodzi aliyense amadziwa kuti pakati pa chaka, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mwera umaomba mwamphamvu kuchokera kumwera, ndipo nyanja imasanduka yoopsa m'kanthawi kochepa. Wophunzira fizikisi amafufuza chimene chimadzutsa mphepoyo, ndi mmene imakulitsira mafunde ikayenda mtunda wautali pamwamba pa madzi. Amaphunziranso kuti nyanja yathuyi, imene pamalo ena ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ili ndi madzi ofunda pamwamba ndi ozizirirapo pansi, ndipo madzi awiriwa sasakanikirana kwenikweni. N'chifukwa chake pansi penipeni palibe mpweya umene nsomba zimapuma. Mwera ukakankhira madzi ofunda kumpoto, madzi a pansi okhala ndi chonde amakwera cha kumwera kwa nyanja, n'kudyetsa tizamoyo ting'onoting'ono timene usipa umadya. Choncho nsomba imene ili pa thandala lathu ili ndi mbiri imene imayambira ku mphepo.

Taganiziraninso za mphenzi. Kuwala kwake timakuona nthawi yomweyo, koma bingu limachedwa, chifukwa mawu amayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi imodzi. Munthu akawerenga masekondi 3 pakati pa kung'anima ndi kugunda, adziwe kuti mphenziyo yagwa pa mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi, ndipo ngati ali pamadzi ayenera kufulumira kumtunda. Nawonso masola amene adzaza pa madenga athu ali ndi malamulo ake. Popeza tili kumwera kwa mzere wogawa dziko pakati, sola imagwira bwino ikapendekera kumpoto, ndipo batire imene imatsitsidwa mphamvu mpaka kutheratu usiku uliwonse sikhalitsa. Mabanja angati ataya ndalama pogula batire ina chifukwa panalibe wowauza zimenezi?

Ntchito za anthu ophunzira fizikisi zilipo m'dziko muno. Magetsi a ku Cahora Bassa, kumene makina ake angathe kutulutsa mamegawati 2,075, amafuna anthu odziwa za mphamvu ya madzi ndi magetsi. M'chigawo chathu chomwe cha Niassa, maboma a Mavago, Mecula ndi Muembe analandira malo opangira magetsi a dzuwa, ndipo mu 2023 malo ena aakulu otere anatsegulidwa ku Cuamba. Nthambi yoona zanyengo ya INAM, imene imachenjeza anthu za anamondwe monga Idai ndi Kenneth a mu 2019 ndi Freddy wa mu 2023, imadalira anthu amene maziko a maphunziro awo ndi fizikisi ndi masamu. Makina ounikira m'thupi m'zipatala, ndi makina ochizira khansa amene anayamba kugwira ntchito pa chipatala chachikulu cha ku Maputo mu 2019, amafuna akatswiri oyeza mphamvu yake kuti isavulaze wodwala. Koposa zonse, masukulu athu a sekondale amafuna aphunzitsi a phunziroli. Pamene palibe mphunzitsi wodziwa bwino, ana amaliopa. Akaliopa, palibe amene amalisankha ku yunivesite. Ndipo pakapita zaka, mphunzitsi amasowabe. Unyolo umenewu umaduka pamene mwana mmodzi wa kuno waphunzira n'kubwerera kudzaphunzitsa ang'ono ake.

Kumene maphunzirowa amapezeka

Yunivesite yakale kwambiri m'dziko muno ndi ya Eduardo Mondlane ku Maputo, imene inayamba mu 1962 ndipo inapatsidwa dzina limeneli mu 1976. Kumeneko kuli nthambi ya fizikisi, imene imaphunzitsanso za zanyengo, ndipo maphunziro a digiri yoyamba, otchedwa licenciatura, amatenga zaka 4. Koma kuchokera ku Lichinga kukafika ku Maputo pa msewu ndi mtunda woposa makilomita 2,000, kutanthauza masiku angapo a ulendo.

Pafupi ndi ife pali yunivesite ya Rovuma, imene inabadwa mu 2019 pamene yunivesite yophunzitsa aphunzitsi ya Pedagógica inagawidwa kukhala mayunivesite 5. Rovuma imatumikira zigawo za Nampula, Cabo Delgado ndi Niassa, ili ndi nthambi ku Lichinga, ndipo pakati pa aphunzitsi amene imasula pali a fizikisi. Maphunziro amene akuperekedwa pa nthambi iliyonse, pamodzi ndi masiku olembetsa, amalengezedwa chaka ndi chaka m'chikalata chotchedwa edital. Mwana ndi makolo ake ayenera kuchiwerenga chikalatachi mosamala, chifukwa tsiku lotsekera likadutsa palibe chodandaulira.

Thandizo limene lilipo kale

Tisaganize kuti mwana wa munthu wosauka alibe khomo lolowera. Boma lili ndi bungwe loona za mabolsa, Instituto de Bolsas de Estudo, limene limathandiza ophunzira a m'mayunivesite a m'dziko muno ndiponso ena otumizidwa kunja. Yunivesite ya Eduardo Mondlane nayo ili ndi mabolsa ake a mitundu ingapo. Pali bolsa yathunthu, imene imapatsa wophunzira malo ogona, chakudya ndi kumuchotsera malipiro a sukulu. Pali bolsa yocheperapo. Ndipo pali kungochotseredwa kapena kuchepetseredwa malipiro amene timawatcha propina. Wofunsira ayenera kuonetsa umboni wa mmene banja lake limapezera, ndipo bolsa imapitirira pokhapokha ngati iye akukhoza bwino chaka ndi chaka.

Mabanja ena kuno ali ndi achibale ku Likoma ndi ku Chizumulu, ndipo amamva za bungwe la ku Malawi lokongoza ndalama ophunzira a m'mayunivesite, limene linakhazikitsidwa mu 2015. Tidziwe kuti limenelo ndi la nzika za Malawi, choncho mwana wa kuno asataye nthawi kuyembekezera kumeneko.

Kwa amene wamaliza bwino digiri yoyamba, makomo ena amatseguka. Ku Muizenberg, pafupi ndi Cape Town, kuli sukulu ya masamu ya AIMS, imene inayamba mu 2003 ndipo imalipirira zonse ophunzira osankhidwa ochokera m'maiko a mu Africa. Mozambique ilinso pakati pa maiko 8 a mu Africa amene anagwirizana ndi South Africa pa ntchito yaikulu ya Square Kilometre Array, yomvetsera mafunde a wailesi ochokera ku nyenyezi zakutali. Zonsezi zili patsogolo pa mwana amene wakwanitsa kuponda sitepe yoyamba.

Mpata umene bolsa siifikapo

Vuto lagona apa: bolsa imapatsidwa kwa munthu amene walemba mayeso olowera n'kusankhidwa. Zonse zochitika zimenezi zisanafike zili pa mapewa a banja. Tiyeni tiziwerenge. Mwana ayenera kukhala ndi chiphaso chake cha unzika, BI, chimene sichinathe ntchito, nambala ya NUIT, satifiketi ya kalasi 12 ndi zithunzi. Kulembetsa mayeso kumachitika pa intaneti cha kumapeto kwa chaka, kotero pamafunika foni kapena kompyuta, netiweki yodalirika, ndi ndalama yolipira phunziro lililonse limene adzalembe. Wofuna fizikisi ku Maputo amalemba masamu ndi fizikisi. Mayesowo amalembedwa kumayambiriro kwa chaka chotsatira m'mizinda ikuluikulu ya zigawo, ndiye kuti kwa ife ku Lichinga. Kuchokera ku Metangula ndi mtunda woposa makilomita 100, ndipo wochokera ku Cóbuè amayenda mtunda wautali kuposa pamenepo, pa msewu wovuta nthawi ya dzinja kapena pa boti. Akafika ayenera kugona ndi kudya masiku angapo, m'dera lozizira limene mwana wa kunyanja sanalizolowere.

Akasankhidwa, mpata wina umatseguka. Pamafunika ndalama yolembetsera pa yunivesite, chofunda, nsapato, makope, kakyuleta ya sayansi ndi zodyera m'masabata oyambirira. Amene wapeza bolsa yocheperapo, kapena wangochotseredwa propina, amayenera kudzipezera malo ogona ndi chakudya kwa zaka zonse 4. Phunziro la fizikisi lilinso ndi maola ambiri a mu labotale ndi masamu ofuna nthawi, motero wophunzira amene amathera masana ake pa maganyu amayamba kutsalira, ndipo akalephera amataya ngakhale thandizo limene anali nalo. Palibe chimodzi mwa zinthu zimenezi chimene ndi chachikulu pachokha, koma zikaunjikana pa msodzi mmodzi kapena pa mayi wamasiye mmodzi, zimamulemera.

Anthu awiri amene anathandizidwa panthawi yake

Michael Faraday anabadwa mu 1791 ku England, mwana wa wosula zitsulo, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yomanga mabuku, ndipo ankawerenga mabuku amene ankamangawo. Mu 1812 munthu wina wokonda kufika pa sitoloyo anampatsa matikiti okamverera maphunziro a katswiri Humphry Davy ku London. Faraday analemba zonse zimene anamva, anazimanga kukhala buku n'kuzitumiza kwa Davy, ndipo mu 1813 analembedwa ntchito yomuthandiza. Mu 1831 anatulukira kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungidwa, mu wayamo mumayenda magetsi. Makina a ku Cahora Bassa, ngakhale jenereta yaing'ono ya pa msika wa Metangula, amayendera lamulo lomwelo. Munthu ameneyu anali Mkhristu wodzichepetsa ndipo anatumikirapo monga mkulu wa mpingo wake. Chimene chinamutsegulira njira chinali mphatso ya matikiti ochepa chabe.

Wachiwiri ndi Abdus Salam, Msilamu wobadwa mu 1926 amene anakulira ku Jhang, m'dera la Punjab limene lero lili m'dziko la Pakistan. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndalama zimene anthu a ku Punjab anasonkha chifukwa cha nkhondoyo zinatsalako, ndipo akuluakulu anazisandutsa mabolsa a ana a alimi ang'onoang'ono. Ndi ndalama zimenezo Salam anapita ku Cambridge mu 1946. Mu 1979 analandira mphoto ya Nobel pa fizikisi. Iye sanaiwale kusungulumwa kwa wophunzira wa m'dziko losauka, ndipo mu 1964 anayambitsa malo a kafukufuku a ICTP ku Trieste, m'dziko la Italy, kumene ophunzira ochokera m'maiko onga lathu amalandiridwa ndi kulipiriridwa mpaka lero. Zopereka za anthu wamba zinaphunzitsa mwana mmodzi, ndipo mwanayo anatsegulira khomo anthu ochuluka.

Gombe lathu linachitapo kale zotere

Kuphunzitsa ana mothandizana si chinthu chachilendo kuno. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA, motsogozedwa ndi anthu monga William Percival Johnson, anayala masukulu m'midzi ya m'gombe lino kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Sitima yawo ya Chauncy Maples, imene inapangidwa ku Glasgow, n'kubwera m'zidutswa ndi kuyamba kuyenda panyanja mu 1901, inkanyamula aphunzitsi ndi mabuku kuchoka pa doko lina kupita pa lina. Sukulu yosula aphunzitsi ya St Michael inakhalapo ku Cóbuè isanasamutsidwe, ndipo sukulu ya mishoni ya Messumba inatchuka pophunzitsa ana a m'dera lonse lino. Agogo athu ndiwo ankasenza udzu ndi mitengo yomangira masukulu a m'midzi ndi kudyetsa aphunzitsi, ngakhale iwo eni ambiri sankadziwa kuwerenga. Ngati iwo anatero pofuna kuti ana adziwe zilembo, ife tingalephere bwanji kuthandiza ana amene afika pa khomo la yunivesite?

Thumba la maphunziro pa mpingo

Mutu umodzi susenza denga. Tiyeni tiwerengetse. Mabanja 100 atamapereka meticais 20 pamwezi, thumba lingalandire meticais 2,000 mwezi uliwonse, ndiye kuti 24,000 pachaka. Mipingo 5 yoyandikana itaphatikiza zopereka zake, zingakwane 120,000. Ndalama zotere sizingalipire zonse za mwana kwa zaka 4, koma zingafikitse ana angapo ku mayeso ndi kusamalira mmodzi kapena awiri m'miyezi yawo yoyamba. Amene alibe ndalama angapereke usipa wouma, ufa wa chinangwa kapena mpunga, zimene zingagulitsidwe kapena kutumizidwa kwa wophunzirayo. Akhristu athu amene anasamukira ku Lichinga, ku Nampula ndi ku Maputo angapereke mphatso yoposa ndalama, ndiyo malo ogona ndi diso la kholo.

Tikudziwa kuti matumba ambiri afa chifukwa cha kukayikirana, choncho tikupempha mpingo uliwonse wofuna kuyamba kuti uike malamulo usanalandire ngakhale khobidi limodzi. Komiti ikhale ya anthu osachepera 5, mwa iwo mukhale amayi, wachinyamata ndi mphunzitsi. Ndalama isatuluke popanda anthu awiri kusayina, ndipo m'busa asakhale msungichuma. Pamene n'kotheka, komiti izilipira yokha kumene ndalamayo ikufunika, kudzera ku banki, pa M-Pesa kapena pa e-Mola, ndi kusunga umboni wa malipirowo. Miyezi itatu iliyonse msungichuma aziwerenga pamaso pa mpingo zolowa ndi zotuluka. Posankha ana, tiyang'ane zotsatira za kusukulu ndi kusowa kwa banja. Mwana wa m'busa kapena wa mkulu wa mpingo ayesedwe ndi muyeso womwewo, ndipo kholo lake lituluke panja nkhani yake ikamakambidwa. Atsikana aganiziridwe mwapadera, pakuti iwo ndiwo amayamba kusiyitsidwa ndalama zikachepa. Ndipo ngati mwana wanzeru wa m'mudzi mwathu ndi wa mpingo wina kapena wa ku mzikiti, tisamutsekere khomo. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mphunzitsi amene adzatuluke mwa iye adzaphunzitsa ana a tonse.

Wothandizidwa naye akhale ndi udindo. Azitumiza zotsatira zake ku komiti pakutha pa gawo lililonse la chaka, ndipo pa tchuthi aziphunzitsa masamu ndi fizikisi kwaulere kwa ana a kalasi 10 mpaka 12 m'chipinda cha tchalitchi. Akadzayamba ntchito, adzabwezeko ku thumba monga angathere, kuti wina apite.

Nkhawa ziwiri za makolo

Ena amaopa kuti sayansi idzachotsa mwana pa chikhulupiriro. Tikumbukire kuti Danieli ndi anzake atatu anaphunzira nzeru za ku Babulo kwa zaka zitatu, napambana anzawo onse, osataya Mulungu wawo. James Clerk Maxwell, amene anafotokoza mgwirizano wa magetsi, maginito ndi kuwala, anali mkulu wa mpingo ku Scotland. Chimene chimataya ana athu m'mizinda kawirikawiri ndi njala ndi kusowa wowayendera. Mwana amene akudziwa kuti mpingo wa kwawo ukumupempherera ndipo ukudikira zotsatira zake amayenda mosamala.

Ena amati, "Tikamuphunzitsa sadzabweranso." N'zoona kuti ena adzakhazikika kutali, ndipo sitingawamange ndi chingwe. Komabe katswiri wa zanyengo amene ali ku Maputo akachenjeza za namondwe pa wailesi, amapulumutsa msodzi wa ku Ngoo, ndipo amene ali ku Nampula adzakhala nyumba yofikira ana athu otsatira. Kupatsa n'kuika.

Chimene tichite tsopano

Tikupempha akulu a mpingo uliwonse kuti pa msonkhano wawo wotsatira aike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana. Atumize anthu awiri ku sukulu ya sekondale yapafupi kukafunsa aphunzitsi za ana a kalasi 11 ndi 12 amene akuchita bwino pa masamu ndi fizikisi koma kwawo n'kosowa. Aone ngati anawo ali ndi BI ndi NUIT nthawi ikadalipo, ndipo asankhe wachinyamata mmodzi wodziwa intaneti kuti azitsata ma edital akangotuluka. Chopereka choyamba cha thumbali chikhale pa Sabata la zokolola, pamene m'nyumba muli chakudya, kuti pofika Novembala ndalama za kulembetsa ndi za ulendo zikhale zili m'manja mwa msungichuma. Ambuye adalitse banja lililonse limene lidzatengapo gawo, ndipo apatse ana athu nzeru ndi kupirira pa maphunziro awo.